Kanyerere Anaitana Katatu

Ine, amake Kanyerere, wa zaka 22, wosoka zovala, wokhala kuseri kwa situdiyo ya amuna anga, ndikunena izi pano papolisi.

Kanyerere ndi mwana wanga wamkazi, wa zaka zitatu. Wasowa lero masana. Wavala diresi yachikasu ndi nsapato imodzi, inayo ndabwera nayo.

Titadya, abambo ake anandiitana mu situdiyo. Iwo amapanga nyimbo pa kompyuta. Ali ndi mapulogalamu awiri, ya ng'oma ndi ya kiyibodi, amawalumikiza ndi chimene amati MIDI kuti aziyendera limodzi. Woimba wina anadandaula kuti ng'oma zikutsalira, ndiye abambo akewo amafuna kuyesa. Anati, "Makutu angawa atopa, ndibwerekeni anuwo, ndibweza." Ndinati, "Nanga mwana?" Anati, "Si uyo akusewera pakhomo? Nyimbo imodzi basi."

Anandiveka mahedifoni. M'khutu lamanzere munkalira pulogalamu ina, lamanja inzake, ngati mawotchi awiri. Anati ndikamva zasiyana ndikweze dzanja, komanso nditsinzine kuti ndimvetsetse. Iwonso anavala awo. Chitseko tinasiya chotsegula chifukwa kumatentha. Ndinatsinzina.

Sinali nyimbo imodzi. Ankangoti tibwereze. Dzanja sindinakweze, zinali kuyendera limodzi. Nditavula mahedifoni, pakhomo panali nsapato ija ndi kachitini kamene amaseweretsa.

Tafunsa kwa wometa, kwa mayi a golosale, mpaka kumsewu waukulu. Wometa akuti anangomva njinga yamoto.

Titabwerera, abambo ake anaona kuti maikolofoni ya woimba uja sanaizime, inajambula zonse. Tamvetsera. Mukumveka njinga yamoto ikuima. Kenako mwamuna akuti, "Tabwera, amayi ako atanganidwa." Mawuwo sindikuwadziwa, abambo akenso akuti sakuwadziwa. Kenako mwana akuti, "Amayi." Akutero katatu. Kachitatuko akumveka patali. Ine ndinali pampando, chitseko chili apa, kungotambasula mkono ndikanachigwira.

Kompyutayo tabwera nayo, ili pabenchi panjapo. Chonde abwana, mvetserani kaye mawu a munthuyo, zolembazi tidzamaliza, kunja kukuda. Mukamupeza musamuitane dzina la pakhadi, salidziwa. Muziti Kanyerere. Amaopa agalu, ndipo sagona popanda kugwira khutu langa.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi.

Wosayina: ______________
Amake Kanyerere