Ndinatchula Dzina la Mnzanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndinali woimba wamantha. Kwathu ndi ku Ntcheu.

Ku yunivesite ndinapita wopanda cholinga. Chimene chinandidzutsa ndi kalasi ya nyimbo. Aphunzitsi athu ankati woimba wabwino amayamba wamvera mnzake. Ndinaphunzira kuwerenga manotsi, kupuma pamodzi ndi anzanga ndi kudikira nthawi yanga. Ulesi unatha. Mnzanga wapamtima anali Vitumbiko wa ku Rumphi. Iye ankaimba tenala, ine besi.

Tinapeka nyimbo ya mlimi amene ng'ombe zake zinaleka kulira. Ophunzira anaikonda, poti ankamva kuti ikunena za anthu otsekedwa pakamwa. Koma inali nthawi ya chipani chimodzi, munthu sunkadziwa amene akukumvetsera. Amuna awiri a boma anandiitanira m'kachipinda. Anafunsa amene analemba mawu a nyimboyo. Ndinalemba ndine. Koma ndinatchula Vitumbiko.

Anamutenga. Ine ndinamaliza maphunziro, ndipo boma linanditumiza kukaphunzitsa pa sekondale ina ku Rumphi komweko. Kukana kunali kosatheka. Kupempha kuti andisamutse kukanadzutsa mafunso.

Mayi ake a Vitumbiko, anyaHarawa, anamva kuti mnzake wa mwana wawo wabwera. Anachokera ku Njakwa atasenza nthochi.

"Yewo chomene, mwana wanga," anathokoza m'Chitumbuka, "simunatitaye."

Mwezi uliwonse ankabwera kudzafunsa ngati ndamvako kanthu. Ndinkangoti ayi, nthochi n'kulandira.

Ndinayamba kachasu. M'kalasi ndinkaimbitsa ana nyimbo zotamanda atsogoleri, pakamwa pokha. Zaka zitatu, abale. Kuthawa sindikanatha, kuulula sindikanatha. Ngakhale pemphero linkanditsamwa.

Tsiku lina anyaHarawa anandipempha kuti ndikaphunzitse kwaya ya mpingo wawo manotsi. Ndinasowa chonamizira, ndinapita. Anatulutsa kope la Vitumbiko. Munali nyimbo ya Mulungu imene anawapekera asanagwidwe, koma panalibe wodziwa kuiwerenga. Pamwamba pa mzere wa besi anali atalemba dzina langa.

Ndinagwada pamaso pa kwaya yonse ndi kunena zonse. Mkulu wa mpingo anathamanga kukatseka chitseko, poopa odutsa.

AnyaHarawa anatenga kope lija n'kutuluka.

Abusa anakhala nane pansi, tinapemphera. Tsiku lomwelo ndinapereka moyo wanga kwa Yesu, wopanda chabwino chilichonse choti ndimuonetse. Mowa ndinasiya movutika, ndinagwa kawiri. Miyezi iwiri mayi aja sanandilankhule. Kenako ndinangoona afika pasukulu.

"Mtima ukuwawabe, aphunzitsi," anatero. "Koma nanenso Yesu anandikhululukira. Kwaya ikukudikirani Lachinayi."

Vitumbiko anamasulidwa chaka chotsatira. Anabwera akutsimphina, mawu atasasa. Sanaimbenso. Ndinapita kukamupepesa. Anandipatsa dzanja, koma ubwenzi wathu sunabwerere mwakale. Zimenezo sindikubisirani. Chikhululuko sichinamubwezere mwendo.

Koma ine amene ndinali woyenera kutayidwa, Ambuye ananditola. Lero ndimagona tulo. Ndimayang'ana anthu m'maso. Dzina la Yesu litamandike!

Mwina pakati panu alipo wina amene wasunga chinthu zaka zambiri, ndipo anthu amamuyesa wabwino. Ndikudziwa kulemera kwake. Musadikire zaka zitatu ngati ine. Yesu akuchidziwa kale, ndipo sanakufulatireni. Bwerani lero, tigwade limodzi.