A Goliati Namakhwa ndi nthenda imene anasiyiridwa ndi bambo awo

Woyamba kundiuza mbiri iyi anali a Lekani, mlongo wa malemu, tikudikira minibasi pa Phalombe Boma. Zina ndatola m'njira, paja ine sindikhalitsa pamalo.

Malemu a Goliati Namakhwa anabadwa m'chaka cha 1979 kunsi kwa phiri la Michesi. Sukulu analekezera Fomu 2, bambo awo a Thomson atamwalira ndi m'mimba. Mu 2003 anakwatira mayi Ennie, nadzakhala chikamwini m'mudzi muno. Anayamba ndi kabaza, kenako ukalipentala. Mabenchi amene ena mwakhalirawo anakhoma ndi iwo. Kumpingo anali a kwaya.

Matenda anawayamba ali mnyamata. Ululu unkawagwira pamwamba pa mchombo n'kutulukira kumsana, makamaka akadya zamafuta, ndipo ankapindika ngati chikwakwa. Kuchipatala anati kapamba watupa, nawafunsa za mowa. Funsolo litamveka kuno, ena anayamba kunong'ona kuti amamwa kachasu mobisa. Anawaimitsa kwaya chaka chathunthu, munthu woti ngakhale thobwa lowawasa sankalilawa.

Chaka chatha madokotala ofufuza ku Blantyre anawatenga magazi n'kuwatumiza kunja. Zotsatira zinati m'mapuloteni ogaya chakudya, amene kapamba amapanga, muli kachilema kobadwa nako. M'malo modikira chakudya, amayamba kudya kapamba yemweyo. Anati n'zakumtundu, ndipo mwana aliyense akhoza kutengera kapena ayi. Anapempha kuti ana onse atatu akayezedwe, kuti wopezeka nako aziyang'aniridwa msanga.

Malemu anapita kukapempha chilolezo kwa alamu awo a Mcdonald, eni mbumba, amene ali nafe pano. Yankho linali lakuti: "Ana ndi magazi a mayi awo. Mkamwini ndi tambala wobwereka, nthenda yake ilowa bwanji m'mbumba yanga?" Anapitanso kachiwiri, atatsamira ndodo. Sizinatheke.

Amwalira Lachiwiri lapitali kuchipatala. A Lekani akuti mawu omaliza a malemu anali owapempha kuti Princess, mwana wachiwiri wa malemuwo, apite naye ku Blantyre maliro akangotha.

Pamenepo ine panalibe, ndipo ndinene poyera kuti ndikukayika. Munthu wa ululu wotero sindikhulupirira kuti anayankhula, mwina a Lekani awayankhulira. Zoti dontho la magazi lingadziwe za mawa, nazonso sindinazimvetse. Koma dzulo ndamuona Princess kuseri kwa nyumba, atagwira pamwamba pa mchombo, atapindika. Mapindikidwe amenewo ndinawaona pa a Thomson, ndawaonanso pa a Goliati. A Mcdonald, mwanayo ndi wanu, monga munanenera.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Ennie, ana atatu, Miracle, Princess ndi Chikondwero, mlongo wawo a Lekani, ndi mayi awo owabereka, a Eveles.

Ululu wawathera. Apumule mu mtendere.