Mphaka wa Pageti

Pasiteji ya basi, mayi wina wachikulire anasendera pafupi ndi bambo amene anafungatira katoni ya makamera.

"Pepani bambo, mumakonza makamera a panyumba?"

"Eya, mayi. Yanu ikumangoliza foni pachabe?"

"Inkatero kale. Anaiika pageti ndi mwana wanga, amakhala kutali. Mphaka akadutsa, kaya nthambi ikagwedezeka, foni yake inkalira, iye n'kundiimbira: 'Amayi, kwabwera ndani?' Macheza n'kuyambira pomwepo. Kenako mnzanu wina anadzaichuna kamerayo kuti izizindikira anthu okhaokha."

"Ameneyo ntchito amaidziwa. Ndiye pano kuli zii?"

"Zii. Kwathu kubwera ndani? Mwanayo mawu ake ndayamba kuwaiwala."

"Nanga ine ndikuthandizeni chiyani?"

"Mudzaibwezere mmene inalili, bambo. Mphaka uja akadalipo."