Mivi ya Malume Alufandika

Tinenenji anatsika pa kabaza pakhomo pa malume ake ku Chileka mame asanaume, m'chikwama muli kope latsopano limene malumewo anaitanitsa, mumtima muli funso limodzi lokha. Panali patadutsa miyezi chibwerere a Goodwell, malume a bwenzi lake Chrispin, kuchokera ku Lirangwe kudzafunsira mbeta, ndipo a Alufandika, amene tsikulo anangoti "tamva, tidzakuyankhani" monga mwa mwambo, anali asanakayankhebe.

Nthawi inali itatha. Chrispin anali atalandira kalata yomusamutsa kuti akaphunzitse ku Chitipa Khrisimasi ikangodutsa, ndipo kutchalitchi sakanalemba ukwati ankhoswe asanamvane. Azakhali ake a Chrispin anali atayamba kale kunena kuti anthu a ku Chileka akana mwaulemu, n'kumatchulatchula dzina la mtsikana wina woimba kwaya.

Chopweteka n'chakuti Tinenenji vutoli analiona lisanafike. Podziwa kuti malume ake ndi oiwalaiwala, anawaphunzitsa njira yolembera ntchito za tsiku ndi tsiku imene anaitola pa foni ali ku koleji. Ntchito iliyonse imayamba ndi kadontho. Ikatheka, kadonthoko umakasandutsa ekisi. Ikakanika, umajambula muvi, kutanthauza kuti yasamukira mawa. A Alufandika anapempha kakope kopyapyala ka ana a sitandade wani, koma Tinenenji anakana kwamtuwagalu. Anati mkulu wa mpingo sangayende ndi kope lopindika ngati la mwana woba mango, ndipo anawagulira chikope chachikuto cholimba, cholemera ngati Baibulo la pagome.

Anawapeza pakhonde, magalasi ali pamphuno, rula kudzanja lamanzere, cholembera kudzanja lamanja. Anali munthu amene anapuma pantchito yosunga katundu m'sitolo, ndipo anthu amati pa zaka zonsezo sanatulutsepo ngakhale msomali umodzi popanda siginecha. Atalonjerana, n'kufunsana za mchemwali wawo, za mbuzi ndi za mvula imene inkangolonjeza, Tinenenji anakhala pampando n'kuika chikwama pamiyendo.

"Malume, munapitako ku Lirangwe?"

"Kangapo konse," anayankha osadzutsa mutu. "Ngakhale tsiku la msika lapitali ndinali komweko."

Mtima wa Tinenenji unatsika pang'ono. Anafunsa ngati anaonana ndi a Goodwell, ndipo malumewo anati anaonana nawo bwino lomwe, munthu wabwino kwambiri, mpaka anawagulira thobwa n'kuwaperekeza pokwerera minibasi.

"Ndiye munawayankha."

"Pamsika?" A Alufandika anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ukwati wa mwana wa mchemwali wanga ndikaukambire pakati pa usipa ndi tomato? Ine ndinapitira mankhwala a mbuzi. Taona, ekisi yake iyi."

Anatembenuza kopelo kuti aone. Ekisiyo inalipodi, yooneka bwino. Koma maso a Tinenenji anathamangira pamwamba pa tsambalo, pamzere woyamba, pamene panalembedwa kuti kukayankha a Goodwell za ukwati wa Tinenenji. Pambali pake panali nyenyezi yosonyeza kuti ndi nkhani yaikulu. Ndipo pamene panayenera kukhala ekisi panali muvi, wowongoka bwino, wojambulidwa ndi rula. Anabwerera tsamba limodzi m'mbuyo, muvi. Anabwereranso, muvi. Anatsegula pakati penipeni mwachisawawa, muvi womwewo, wosakhota ngakhale pang'ono.

"Njira yakoyi yandithandiza, mwanawe," anatero malumewo ndi mtima wonse. "Kale ndinkaiwala. Tsopano tsiku lililonse ndimakumbukira kuti sindinapite."

Tinenenji anapuma mozama, monga ankachitira pamaso pa alekichala ovuta. Anafotokoza modekha kuti muvi ndi wa tsiku limene zinthu zavutadi, maliro kapena matenda, osati chakudya cha m'mawa uliwonse. A Alufandika anavomera ndi mutu, kenako anatsegula mkati mwa chikuto, m'mene analembamo malamulo onse tsiku limene ankaphunzitsidwa, mawu ndi mawu, mpaka ndi deti lomwe.

"Lamulo lachitatu," anawerenga chala chili pamzere. "Ntchito imene sinatheke, ikani muvi, musadziimbe mlandu. Za maliro palibepo apa. Ndiwonjezere?"

"Musawonjezere. Ndikungofuna kudziwa chimene chimakulepheretsani. Ku Lirangwe si ku Joni."

Malumewo anavula magalasi, posonyeza kuti funsoli linali lanzeru ndipo liyankhidwa mwadongosolo. Anamukumbutsa kuti nkhoswe wolongosoka amafika pakhomo pa mnzake m'mamawa, anthu asanabalalikire kuminda. Kufika dzuwa lili paliwombo ndiye kuti wabwera kudzadya, ndipo kufika madzulo ndiye kuti wadzera kwina. Zimenezi Tinenenji sanatsutse, chifukwa amazidziwa.

"Ndiye mupite m'mamawa."

"M'mamawa ndimakhala ndikulemba."

"Mukulemba chiyani?"

"Lamulo loyamba." Chala chinabwerera pachikuto. "Mukadzuka, musanachite china chilichonse, lembani tsamba la lero, ndipo ntchito zonse za muvi muzikopere ndi dzanja lanu. Unachita kubwereza kawiri kuti ndi dzanja lanu."

Apa m'pamene Tinenenji anayang'anitsitsa kutalika kwa ntchito za tsiku limodzi. Zinali zitaswana. Kufolera khola, kukaona a Binti amene anathyoka mwendo mwinamwake anachira kalekale, kusoketsa nsapato yakumanzere, kufunsa mtengo wa feteleza, kubweza wilibala. Zinadzaza masamba atatu, ndipo chilichonse chinali ndi muvi wake. Malumewo anafotokoza monyadira kuti akamamaliza kukopera, kujambula mizere ndi kuyembekeza inki kuti iume, dzuwa limakhala litafika pamtengo wa mapeyala, nthawi ya ankhoswe itapita. Zikatero amaika muvi pamzere woyamba, n'kuyamba tintchito ting'onoting'ono.

"Muzilemba usiku," anatero Tinenenji.

"Lamulo likuti mukadzuka."

"Ndiye mupite kaye, mudzalembe pobwera."

"Likuti musanachite china chilichonse. Kupita ku Lirangwe si chinthu?" Anatenga rula n'kuiika pansi pa lamulo loyambalo. "Kapena lamuloli linalakwika? Ukanena kuti linalakwika, ndilidula pompano. Ine sindikakamira."

Khomo lotulukira m'vutoli linali lotsegula, ndipo Tinenenji analiona. Koma anakumbukiranso m'mene anaimira pakhonde lomweli, digiri ikadali yotentha, akuuza anthu onse a pabanja kuti vuto lawo ndi kusowa dongosolo. Amayi ake anaseka tsiku limenelo, ndipo akanamva kuti wabweza mawu akanasekanso mpaka Pasaka.

"Lamulo lilibe vuto," anatero atawongola khosi. "Njira imeneyi ikugwira ntchito dziko lonse lapansi."

"Ndiye tili bwino," anatero malumewo, n'kubwezera magalasi pamphuno. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndege inadutsa chapansipansi ikulunjika kubwalo, malata n'kunjenjemera, ndipo onse awiri anakhala chete monga amachitira anthu a ku Chileka, aliyense atagwira mawu ake pakamwa. Pa nthawi imeneyi Tinenenji anaona mzere wina wa dzulo, wakuti kuimbira Tinenenji abweretse kope lina. Unali ndi ekisi yonenepa.

"Iyi munaichita tsiku lomwelo," anatero phokoso litatha.

"Inali yaing'ono. Lamulo lachinayi, yambani ndi zing'onozing'ono kuti mupeze mphamvu."

"Miyezi yonseyi mphamvuzo sizinakwane?"

"Zikubwera. Ndikuzimva."

Tinenenji anayesa njira ina. Anawauza za Chitipa, za abusa, za mtsikana wa kwaya uja. A Alufandika zinawakhudza kwambiri. Anati a Goodwell akuchita bwino kudekha koma azakhaliwo akufulumira, ndipo nkhani yotere si yoisiya choncho. Anatenga cholembera, n'kuika kadontho katsopano pa ntchito za dzulo, kuti kudandaula za azakhali a Chrispin, kenako n'kukajambulira muvi.

Ndipo Tinenenji anakumbukira chida chimene anali asanachigwiritse. Anawauza kuti pali lamulo lina limene anaiwala kuwapatsa, ndipo ndi lalikulu kuposa onse. Malumewo anatsegula chikuto mwachangu, cholembera chili chire.

"Ntchito ikasamuka kambirimbiri," anatero pang'onopang'ono kuti alembe, "imani, mudzifunse ngati ili yofunikadi. Ngati munthu wakhala osaichita nthawi yonseyi, mwina ndi yosafunika, ndipo aidule ndi mzere. Koma ngati..."

Sanamalize. Malumewo anali atatembenuza kale tsamba, rula itagona pamzere woyamba, pa dzina lake lenilenilo.

"Malume!"

Tinenenji anagwira rulayo ndi manja awiri. A Alufandika anadabwa. Anati iwo Chrispin amamukonda, mnyamata waulemu, amavula chipewa ngakhale pa foni, koma lamulo ndi lamulo, ndipo pa ntchito zonse za m'kopemo palibe inasamukapo kambiri kuposa imeneyi. Wilibala inali yachiwiri, koma inali kutali.

"Sindinamalize kunena. Ngati ili yofunika, muichite."

"Liti?"

"Lero."

"Lero lake sindinamalize kulemba." Anasolola rula yawo mwaulemu. "Ndipo wandichedwetsa. Bweretsa kope lija, ndatsala ndi masamba awiri a ntchito zoti ndikopere."

Tinenenji anatsegula zipi ya chikwama, dzanja n'kukhudza chikuto chatsopanocho. Kenako anaima. Anayang'ana kope lakale lija. Tsamba la lero linali litadzaza mpaka pansi, ndipo kuseri kwake kunalibe tsamba lina, kunali chikuto basi. Anayang'ana kubwalo. Mthunzi wa nyumba unali ukadali wautali, dzuwa lisanayandikire n'komwe mtengo wa mapeyala. Anatseka zipi ija pang'onopang'ono, n'kunyamuka pang'ono, n'kukhalira chikwamacho.

"Kope palibe," anatero.

"Ndaliona ndi maso angawa."

"Mwaona chikwama. Malume, muvi umatanthauza chiyani?"

"Kuti ntchito yasamukira pa tsamba la mawa."

"Ndionetseni tsamba la mawa."

A Alufandika anatembenuza tsamba lomalizalo n'kupeza chikuto. Analibweza, n'kulitembenuzanso, ngati kuti mwina lina linamatirira. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kutikita pakona. Anafunsa ngati n'kololedwa kulemba pachikuto, Tinenenji anati pachikuto ndi pa malamulo. Anafunsa za kuseri kwa kalendala ya mpingo, iye anati lamulo lachiwiri likuti zonse zikhale m'kope limodzi, ndipo malumewo atayang'ana anapeza kuti likuterodi, ndi dzanja lawo lomwe.

A Alufandika anayang'ana kadontho ka pamzere woyamba. Kanali kokhakokha, kopanda muvi, kopanda kolowera.

"Ndiye kuti kadontho aka," anatero motsitsa mawu, "katsala ndi njira ziwiri. Kudulidwa, kapena ekisi."

"Rula ili ndi ine," anatero Tinenenji, ndipo inalidi ndi iye, pansi pa chikwama, pamene anaibisa malumewo ali kalikiliki kufunafuna tsamba la mawa.

Malumewo anaimirira. Analowa m'nyumba, ndipo Tinenenji anamva kabati ikutsegulidwa, madzi akukhuthulidwa m'beseni, ndi mawu ofunsa kumene kunapita tayi yamaliro ndi maukwati. Anatuluka atavala jekete lakuda, nsapato yakumanzere ikadali yosasoka koma yopolishidwa, chikope chija chili kukhwapa, cholembera m'thumba la pachifuwa kuti ekisiyo akailembere komweko a Goodwell akuona. Tinenenji anathamangira kumsewu kukaimitsa kabaza wowafikitsa ku Lunzu, kumene akakwere minibasi.

Anali wokondwa, ndipo chikondwererocho chinamupangitsa kulankhula mawu amodzi owonjezera. Malumewo atakhala kale pampando wa njinga yamoto, anawakonza kolala n'kuwauza kuti aona okha tsopano, njira ija ilibe vuto, munthu akaitsatira mpaka kumapeto ntchito imatheka.

A Alufandika anavomera. Anati zimenezo n'zoona, ndipo iwo sanakayikepo. Kenako anasisita chikuto cholimba chija, n'kuyeza kunenepa kwake pakati pa zala ziwiri.

"Kungoti kumapetoko unakuika patali, mwanawe. Ukanandigulira kakope ka sitandade wani kamene ndinapempha kaja, bwenzi pano uli ku Lirangwe, apongozi ako akukudandaula kale."