Loko wa Pachitsime Changa

Moni abale ndi alongo nonse amene mukuwerenga umboni uwu, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndine mayi wamasiye wa kuno ku Kapelula, ndimalima fodya, ndipo ndikulera adzukulu atatu amene mwana wanga anandisiyira. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene fodya wanga anayamba kundiwolera m'nyumba ine ndikuona, chaka chija mayiko akunja anakwiya ndi boma lathu n'kuimitsa thandizo.

Koma ndiyambe ndi tchimo langa, poti umboni wobisa mbali ndi bodza. Masiku a feteleza wamakuponi, kuno kuponi imodzi timagawana mabanja awiri, thumba likabwera timalidula pakati. Chaka china kuponi ya mabanja athu awiri inatuluka m'dzina la alamu anga, a Chikuse, mng'ono wawo wa malemu amuna anga. Iwo anakathira thumba lonse m'munda mwawo, ine osandiuza n'komwe. Ndine munthu wapsontho, sindibisa. Amuna anga anandisiyira chitsime kudimba chimene sichiphwa ngakhale mu Okutobala, ndipo banja la alamuwo limatunga pomwepo madzi akumwa ndi othirira nazale ya fodya. Ndinapeza lata, ndinavundikira chitsime n'kukhoma loko. Ndinalengeza kuti loko ameneyo adzachoka tsiku limene a Chikuse adzabwere kudzapepesa. Sanabwere. Amene ndimamuona ndi mkazi wawo, Namwale, akudutsa kuseri kwa nyumba yanga ndi ndowa pamutu, mwana kumbuyo, akupita kumjigo wa kutali. Ndikamuona ndimayang'ana kumbali, mumtima n'kumati akhaule.

Chimanga cha chaka chotsatiracho sichinachite bwino. Nkhokwe inafika m'chiuno basi, ndipo ndinadziwa kuti pofika Ogasiti tidzakhala tikuyang'anana. Chiyembekezo changa chonse chinali pa mabelo asanu a fodya. Amenewo ndiwo anali chakudya cha adzukulu anga mpaka kukolola kwina.

Nthawi imeneyo wayilesi inali ikukamba za mkangano wa akuluakulu. Ati mayiko amene amatithandiza sakukondwa ndi kayendetsedwe ka zinthu, ndiye agwira thumba lawo kufikira boma litasintha khalidwe. Ine ndinkamva ngati nkhani ya ku Lilongwe, yosandikhudza. Kenaka tinamva kuti ndalama zakunja zasowa, kenaka mafuta a galimoto. Sindinadziwe kuti mkanganowo ukubwera mpaka pakhomo panga.

Alimi anzanga mukudziwa kuti fodya wouma kwambiri sadindika m'mabelo, amafumbutuka. Timamuwaza timadzi pang'ono kuti afewe. Atatiuza a kukalabu ya alimi kuti lole yodzatenga fodya ibwera pakatha masiku atatu, ine ndinawaza mopitiriza, ndikuganiza kuti alemereko pasikelo, pofika kuokushoni akhala asanayambe kuvuta. Tinadinda, tinasoka ziguduli. Chigafa changa choyanikamo fodya chinali chitadyedwa ndi chiswe, ndiye fodya atangochokamo ndinachigwetsa, mitengo n'kusandutsa nkhuni.

Masiku atatu anatha, lole osaoneka. Sabata inatha. Ati lole ili pamzere wa dizilo kuboma, dalaivala akugona momwemo. Sabata yachiwiri ndinayamba kumva kafungo m'chipinda mmene munali mabelo. Ndinang'amba chiguduli pakona n'kulowetsa dzanja. M'kati munali motentha ngati mwana wodwala malungo, ndipo masamba amene ndinasolola anali atayamba kuda ndi kuchita nkhungu.

Abale anga, fodya wotere mankhwala ake ndi amodzi: kumasula mabelo onse n'kumuyanikanso pamthunzi podutsa mphepo, tsiku lomwelo. Padzuwa amapserera, pansi amanyowa. Ine chigafa ndinalibe. Ndinazungulira mudzi wonse ndi wakutsidya, kupatula kwa a Chikuse, koma zigafa zonse zinali zodzaza, poti aliyense fodya wake anali akudikira lole yomweyo. Ena anandimvera chisoni, ena anandifunsa kuti ndinawaziranji madzi ambiri chotero. Ndinapita mpaka kumsewu kukaimitsa galimoto iliyonse, ndinakhalapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, panadutsa njinga zokhazokha. Chakudya chinandikanika. Adzukulu akamaseka pabwalo ine misozi imangotsika, ndikuwerenga miyezi ya njala imene ikubwera. Ndinawatukwana akuluakulu onse, athu ndi akunja omwe. Iwo akangana, koma galimoto zawo zikuyenda, ana awo akudya. Chilango chawocho chagwera ine, amene ngakhale chimene anayambanirana sindichidziwa.

Tsiku lachitatu chiyambireni kutenthako, masana, ndinagwada pakati pa mabelo. Pemphero lake silinali lokongola. Ndinati Ambuye, ngati mukundilanga chifukwa cha madzi ndinawaza aja, langani ine, koma ana awa analakwanji? Nditangonena mawu amenewo, funso lomwelo linandibwerera. Ana a Namwale analakwanji? A Chikuse chibadwire sanasenzepo ndowa. Miyezi yonse ija loko wanga sanawakhudze ngakhale pang'ono, madzi osamba amawapeza ali kale kubafa. Ndinalira kwambiri, koma kunyada kunandigwirabe miyendo, sindinadzuke kupita kwawo.

Ndikadali pomwepo ndinamva odi. Anali Namwale. Anagwada pakhomo mwaulemu monga kale, ngati palibe chinachitikapo. Anati fungo lafika mpaka kunjira ya kumjigo.

"Amayi aakulu, tiyeni timasule fodyayu tikamuyanike kwathu, mawa akhala atatha."

Ndinamufunsa kuti nanga fodya wawo amuika kuti.

"Chigafa chathu chilibe kanthu. Paja nazale inauma."

Sananene mokwiya, anangonena monga mmene zinthu zinalili. Ine ndinasowa poyang'ana. M'midzi iwiri yonse, chigafa chokhacho chimene chinali ndi malo chinali chimene ndinachikhuthula ine mwini ndi loko wanga.

Namwale anaitana amayi anayi a kumpingo. Tinamasula mabelo, tinasenza pamutu ulendo ndi ulendo, tinapachika pamikangala, owola tikutaya padera. Belo limodzi linatheratu, koma anayi anapulumuka. Lole inadzabwera patatha masabata ena atatu, ndipo kuokushoni fodya sanabwezedwe. Mtengo unali woipa chaka chimenecho, sindinganame, komabe ndinagula chimanga, adzukulu anga anafika kukolola osagona ndi njala. Matumba awiri ndinakatula kwa Namwale. Loko ndinachotsa madzulo a tsiku lomwe tinayanika fodya lija, pano amatseka khola la nkhuku.

Akuluakulu aja anadzagwirizana, thandizo linabwerera, tinamva pawayilesi akuyamikirana. Palibe anabwera kudzafunsa kuti ife a kumudzi tinapyola bwanji. A Chikuse nawo mpaka lero sanapepese, ndipo ndinasiya kudikira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha ndisanayenere kuyankhidwa. Inu amene muli pamoto lero, wa matenda, wa njala, kapena wa mikangano ya anthu amene simudzawaona n'komwe, musaleke kugwada, Iye amamva ngakhale pemphero lokalipa ngati langa. Koma musanadzuke, dzifunseni ngati palibe chitsime chimene mwakhoma loko, ndipo muyang'anitsitse amene akusenza ndowa. Ine wanga ndinamuyang'anira kumbali chaka chathunthu, ndipo ndi yemweyo anadzasenza fodya wanga. Ambuye akudalitseni nonse.