Matenda Amene a Kaphamtengo Analetsa Kunena

Malemu bambo Rodwell Kaphamtengo anabadwa pa 9 March 1976 kwa Bilila, ku Ntcheu. Ine ndine Sam, mng'ono wawo komanso nkhoswe ya banja lawo. Abale amene mukutimvera pafoni kumudzi, chonde musadule ndisanamalize.

Anaphunzira zachipatala ku Lilongwe, ndipo mu 2003 anakwatira mayi Vera. Mu 2010 anabwera kuno ku Dublin kudzawonjezera maphunziro, banja nkukhazikika ku Finglas.

Mu 2015 anayamba ntchito yosamutsa mbiri ya odwala a m'sitima zankhondo kuchoka m'mapepala kupita m'kompyuta, kuti msilikali akadwala pakati pa nyanja, dokotala wakumtunda aone msanga ndi kulangiza. Lamulo la ntchitoyo linali louma: matenda a munthu sauzidwa kwa wina, ngakhale mkulu wa sitima, mwiniwake asanalole. Achimwene analigwira lamuloli ndi manja awiri, mpaka analowa nalo m'nyumba. Amene munawadziwa mukudziwa kuti akakana, akana.

Mu January 2024 anapezeka ndi khansa ya m'chiwindi. Kwathu mwamuna akadwala, mkazi amathamanga kukauza kuchimuna. Apa sizinatero, ndipo nkhani yavuta. Kumudzi mwanena kuti alamu anabisa matenda, kotero asaperekeze maliro ndipo asaponde pamanda. Ine ndemwe, wokhala pa Santry pompa, sindinauzidwe, ndipo zinandiwawa zedi. Koma pa 2 November, tili m'chipatala pamaso pa bambo mfumu Gerard, malemu anatiuza ndi pakamwa pawo kuti ndiwo analetsa alamu kunena, poopa kuti mayi athu okalamba angagwe ndi mtima. Alamu anawasambitsa ndi kuwadyetsa okha, akugwiranso ntchito, opanda wowalandira. Achimwene anatisiya pa 6 November.

Asiya mayi awo, mkazi, ana awiri, Dalton ndi Tiyezge, ndi abale anayi. Tikuthokoza madokotala, anzawo akuntchito, a mpingo, ndi Amalawi nonse amene mwatigwira mkono.

Thupi linyamuka Lachinayi. Monga nkhoswe ndikunena pamaso pa anthu onsewa kuti mayi Vera akwera ndege yomweyo. Amene akufuna kuwabweza pamanda ayambe wabweza ine.

Achimwene, mwatisiyira mlandu, komabe usani mumtendere.