Zikhatho za Tibo

Ine, Gaudencio Manlapaz, wa zaka 61, wa m'mudzi wa Wawa, tauni ya Santa Rufina, woyendetsa boti, ndikunena izi. Anthu amanditchula Mang Densyo. Mtsinje wathu ndinayamba kuwolotsapo anthu mano asanathe kumera, ndipo nsomba ikasochera imafunsa njira kwa ine. Lembani zonse, bwana, maofesi awiri andibweza kale.

Tiburcio Dimaano, amene timati Tibo, ndine kholo la ubatizo la mwana wake, ndipo pa ubale umenewu timaitanana kuti Pare. Kale Tibo anamenya munthu ndi nkhafi. Mlanduwo unayenda zaka ziwiri, kunabwera mboni, kunabwera dokotala, nkhafi yeniyeniyo inagonekedwa patebulo m'khoti. Anamugamula zaka zinayi, koma woweruza anati akhale panja moyang'aniridwa: asamwe mowa, asatuluke m'tauni popanda chilolezo. Malire a tauni ali pakati pa mtsinje, tsidya linalo ndi Bagumbato. Zaka zitatu Tibo wakhala akuponya ukonde mbali yathu yokha, ife n'kumamuseka kuti nsomba za tsidya zimamutulutsira lilime.

Pa chikondwerero cha Santa Rufina, Lamlungu la sabata yatha lija, tinakweza chifanizo cha woyerayo m'boti lalikulu monga timachitira chaka ndi chaka. Tinanyamuka cha m'ma 9 koloko m'mawa. Munali ansembe, oimba malipenga, amayi a kwaya, ndi khansala ndi mimba yake. Chiwongolero chinali kwa ine. Tibo anali kutsogolo, pa chingwe.

Titadutsa msika wa nsomba, namasupuni anakulunga kunsi kwa injini, injini n'kuzima. Mtsinje unali utadzaza ndi mvula ya kumapiri. Boti linayamba kupita cham'mbali kulowera ku mizati ya mlatho. Wina akanaitana amake, ine ndinangoluma ndudu. Gombe lapafupi linali la Bagumbato, ndipo ndinalozetsa komweko.

Ndinati, "Pare, dumpha ndi chingwe."

Iye anati, "Pare, kumeneko n'kundende kwanga."

Ndinati, "Ndiye ukufuna woyerayu asambire pamodzi ndi kwaya yonse?"

Anadumpha. Anakulunga chingwe pamtengo wa kokonati, chingwecho n'kumusupula zikhatho zonse ziwiri. Boti linaima pafupi ndi mlatho, poti ukhoza kulavulirapo. Pansi pa mtengowo panali amuna akumwa lambanog, kachasu wa kokonati. Mmodzi anamupatsa botolo kuti athire pa mabalawo, ndipo anathira. Sanamwe. Ndinaona ndi maso angawa, amene amaona nkhanu pansi pa matope.

Aling Pacing wa kwaya anajambula ndi foni, n'kuika chithunzi pa intaneti atalemba kuti woyera waimitsa boti ndi dzanja lake. M'mphepete mwa chithunzicho muli Tibo, botolo m'manja, kumbuyo kwake chikwangwani cha Bagumbato. Chingwe sichikuoneka. Lachisanu apolisi anabwera kudzamutenga.

Lolemba ndinapita kwa Mayi Villaflor, amene amamuyang'anira. Anandimvera akudya mpunga wawo wa masana.

Anati, "Mang Densyo, si inu munagwira nsomba yaikulu kuposa boti?"

Ndinati, "Anthu amakokomeza, mayi. Inali yofanana ndi boti."

Anati, "Uku si kuzenga mlandu watsopano. Sipafunika umboni wotseka mipata yonse. Woweruza akangokhutira kuti lamulo linaswedwa, zaka zinayi zija aziyamba poyambira."

Ndinati, "Nkhafi munaibweretsa m'khoti, chingwe chalakwa chiyani?"

Anati ndipite kwa loya wa boma. Loya wa boma anati ndibwere kuno kupolisi.

Ndazungulira onse amene anali m'botimo. Ansembe ali ku msonkhano ku dayosizi. Khansala akuti anali atatsinzina, akupemphera. Oimba malipenga akuti anayang'ana kumlatho. Aling Pacing anati, "Mang Densyo, chozizwitsa chalengezedwa kale m'tchalitchi, mukufuna ndikanene kuti anali Tibo?" Tonse tinawoloka malire, woyera yemwe, koma ali m'chitokosi ndi mmodzi. Wolozetsa boti ndinali ine, wolamula kuti adumphe ndinali ine.

Dzulo ndinakamuona. Mkazi wake, Luz, ankamudyetsa ndi supuni chifukwa zala sizikupinda. Ndinamuseka kuti wasanduka bwana wodyetsedwa. Sanaseke. Anati, "Pare, tsiku la khoti ndi mwezi wamawa, mabalawa ayamba kuuma." Luz anamubweretsera mankhwala opaka. Anakana, anati abwerere nawo kunyumba.

Ali kuseri kwa khoma ili, bwana, ndipo foni muli nayo m'thumba. Ndikupempha kuti wina ajambule zikhatho zakezo lero, kuti munthuyu apake mankhwala.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinawonjezerepo mchere wambiri.

Wosayina: Gaudencio Manlapaz ______________